Wosankha Mlembi Ndiye Amalawa

Sindikumbukira mudzi umene ndinayambira ntchito yofunsa mafunso. Chimene ndikumbukira ndi msewu wofiira, khonde lalitali, ndi benchi imene ofuna ntchito ankakhalapo atafumbata maenvulopu akhaki. Konse kumene ndinayenda benchi inali yomweyo. Chinkasintha ndi mtundu wa fumbi.

Masiku amenewo makina ankafika m'midzi ngati alendo osadziwa chinenero. Chigayo, mpope, thanki lopopera mbewu, macheka oyendera injini, chilichonse chinkabwera ndi kabuku ka chilankhulo chakutali, ndipo wodzachiika ankagona pang'ono n'kubwerera kwawo. Ndiye pankafunika munthu woti alembe malangizo m'chinenero chathu, kuti aliyense awerenge n'kugwira ntchito osafunsa wina. Ameneyo ndiye mlembi wa malangizo. Koma mlembi amachita kusankhidwa pakati pa anthu ambiri, ndipo wosankhayo ndinali ine. Nthawi imeneyo ndinali ndi zala zonse ndi maso akuthwa, ndipo ndinali ndisanakumane ndi mkazi amene tsiku lina anadzaika moyo wake pa funso langa.

Anandiphunzitsa ntchitoyi ndi a Katsekera, bambo wamtali wogontha khutu limodzi, wa chipsera kuyambira pachigongono kufika pachikhatho. Tsiku loyamba anatunga thobwa m'chikho, namwako kaye iwo, kenaka n'kundipatsa.

"Waona zimene ndachita?"

"Mwalawa, bambo."

"Ndalawiranji?"

"Kuti ine ndimwe mosaopa."

"Eya. Ntchito yathu ndi imeneyo. Mlembi ukamusankha, akalemba, amakaima patali. Woyamba kutsata zimene walembazo, ndi manja akeake, ndi iwe wosankhawe. Palibe wokunong'oneza. Uchite zimene zalembedwa basi, osathiramo nzeru zako. Timati kulawa."

Ndinayang'ana chipsera chija. Iwo anaseka.

"Ili ndi funso limene ndinaiwala kufunsa. Khutuli ndi funso lina. Funso lopanda pake, mwana wanga, limatuluka pakamwa koma limakagona m'thupi."

Tinasiyana pamphambano. Iwo analowera kumapiri, ine kuchigwa.

Mudzi woyamba kundiitana unali ndi chigayo chatsopano, chopaka utoto wobiriwira. Mwini wake ankafuna malangizo okhoma pakhoma, chifukwa woyendetsa chigayo ankadwaladwala ndipo tsiku lina padzagwira wina. Pabenchi panali anthu angapo. Ndinawafunsa mafunso amene ndinkamva ena akufunsa. Sukulu munalekeza pati? Mumakonda kulemba? Tatiuzani za inu.

Kumapeto kwa benchi kunali bambo wina wa nsapato zowala. Msewu wonse unali fumbi lokhalokha, koma nsapato zake zinkaoneka ngati sanapondepo pansi. Anati dzina lawo ndi a Gwedeza. Atayamba kuyankha, amayi amene ankadikira kugayitsa anasiya kucheza. Mawu awo ankayenda ngati madzi a m'ngalande, osapunthwa paliponse. Ndinawasankha.

Anakhala pansi pa mtengo ndi woyendetsa chigayo uja, iye akunena, iwo akulemba. Malembo awo anali oongoka ngati mizere ya wolima bwino. Atakhoma pepala pakhoma anakaima patali, ine n'kuyamba kulawa. Ndinathira chimanga, ndinayatsa injini. Chigayo chitatsamwa ndinawerenga: "Zimitsani injini, tsegulani kachitseko ka m'munsi, chotsani zotsekazo ndi dzanja." Ndinazimitsa, ndinatsegula, ndinalowetsa dzanja.

Injini inali itazima, koma zitsulo zam'kati zinali zikuzungulirabe mwakachetechete.

Akundimanga ndi chitenje, woyendetsa chigayo ankangoti, "Koma aliyense amadziwa kuti umadikira kaye! Ngakhale mwana amadziwa!"

"Munawauza a Gwedeza?"

"Sanandifunse."

Chala changa chinakwiriridwa kuseri kwa chigayo. Ndili gone pamkeka ndinayankhula ndekha kuti: ndikanawafunsa ngati amayamba akaona chinthu ndi maso awo asanachilembe. Nditatembenuka ndinaona nsapato zowala pafupi ndi mutu wanga. A Gwedeza anali ataima pamenepo, milomo yawo ikugwedera popanda mawu, ngati mwana woloweza ndime.

Ndinayenda. Mvula inagwa n'kusiya, inagwanso. Ndinafika kudera lotentha la thonje, kumene mbuzi zinkagona pansi pa ngolo masana onse. Kalabu ya alimi inali italandira mathanki opopera mankhwala, oberekera kumsana. Khonde linali lalitali, benchi yomweyo. Kumapeto kwake kunali nsapato zowala.

"Takumananso, bambo," anatero a Gwedeza. "Dzanja lili bwanji?"

Ndinafunsa funso langa latsopano kwa aliyense. Itafika nthawi yawo, anayankha asanapume n'komwe.

"Mlembi weniweni salemba chimene sanachione ndi maso ake. Pakamwa pa mmisiri pamaiwala zimene manja ake amadziwa."

A komiti anaombera m'manja. Kwa ine mawuwo ankamveka ngati anga omwe aja a pamkeka, koma otsukidwa ndi kusitidwa. Ndinasankha wina, Fanuelo, mwamuna wamanyazi amene asanayankhe anapempha kuti aone kaye thankilo. Analimasula, analinunkhiza, analibereka n'kuyenda nalo m'munda. Ndinati uyu yekha sandidula chala.

Fanuelo anali atawerenga mabuku ambiri a makina, ndipo analemba ngati akulembera mnzake wowerenga mabuku omwewo. Nditasakaniza mankhwala ndinawerenga: "Popani kufikira mphamvu ya mpweya itafika pa mlingo woyenera." Thankilo linalibe muvi wosonyeza kanthu. Ndinapopa. Ndinayang'ana papepala ngati pali pena pondiuza kuti ndileke. Panalibe. Ndinapopabe, chogwirira chikulimba, mpaka paipi inasomphoka n'kundilavulira mankhwala kumaso.

Amene anandikokera kumjigo anali mayi wina wamasiye, Anagama. Anandipanikiza khosi pansi pa mpopi ngati akusambitsa mwana wokana madzi.

"Tsegulani maso, inu! Mukusungira ndani mankhwalawo?"

Masana amenewo, ine nsanza yonyowa ili kumaso, anatola pepala lija n'kuyamba kuwerenga. Anaphunzira kuwerenga atakula kale, kusukulu ya kwacha, ndipo ankawerenga liwu limodzilimodzi, chala chili pansi pa liwulo, osalumpha kapena kuganizira. Atafika pa "mlingo woyenera" anaima.

"Woyenera kwa yani?"

"Kwa wodziwa," ndinatero.

"Nanga wodziwayo pepala alifuniranji?"

Ndinazindikira kuti sindinamufunse Fanuelo kuti akulembera ndani. Ndinalankhula funsolo motsitsa kwambiri, koma kuseri kwa mpanda wa mjigo ndinamva wina akusuntha phazi.

Maso anga anachira, koma anatsala ndi nkhungu m'mbali, ndipo nkhunguyo chaka ndi chaka inkasendera pakati. Pochoka kuderalo Anagama anamanga katundu wawo m'chitenje n'kunditsata. Ankhoswe tinawapeza m'mudzi wotsatira.

"Maso amenewa sapita patali," anandiuza panjira. "Tsiku limene adzaleke kuwerenga, wolawa ndidzakhala ine."

"Musanene zimenezo."

"Nanga mudzalawa ndi mphuno? Inu muzisankha bwino basi. Ine ndimachita zimene zalembedwa. Akalemba kuti lumphira m'moto, ndilumphira."

Anaseka. Ine sindinaseke.

Tinayenda zaka. Tinadutsa matauni a njanji yomera udzu, midzi ya fodya, misika imene inkaoneka ngati tinaidutsa kale dzulo lake. Mafunso anga anachuluka, ndipo ena anali abwino. Ndinkafunsa kuti: mmisiri akakhala wosayankhula, wokuonani ngati mwabwera kudzamulanda ntchito, mumamutsegula bwanji pakamwa? Ndinkafunsa kuti: pepala likachepa, mumasiya chiyani? Ndinkawapatsa loko wachilendo n'kufunsa mmene amatsegulira, kuti ndimve amene angalimbe mtima kunena kuti sindikudziwa. Funso lililonse linkagwira ntchito kamodzi. Tikafika tauni yotsatira, a Gwedeza anali atafika kale, ndipo yankho linali m'kamwa mwawo. Anaphunzira ngakhale kunena kuti "sindikudziwa, koma ndikafunsa," akuweramitsa mutu pamalo pake penipeni. Tsitsi langa linachita imvi. Lawo ayi.

Tsiku lina tinafika kutauni ya macheka, ya fungo la utuchi, n'kupeza macheka ali zii, anthu akulowera kumanda. Tinafunsa kuti maliro ndi a yani. Anati ndi a bambo wina wamtali wogontha khutu, wofunsa mafunso.

Mayi wina wogulitsa mandasi anatifotokozera. Eni macheka anakana mafunso a a Katsekera. Anati ndi ochedwetsa, ndipo anawapatsa awo otengedwa kumzinda.

"Ankafunsa kuti, mukanakhala nyama mukanakhala nyama yanji? Wina anati mkango. Wina anati njovu. Wa nsapato zowala anati njuchi, mabwana n'kuimirira kumugwira chanza. Akuluwo anati ine sindinamusankhe ameneyu. Mabwana anati pampando wofunsa munakhalapo ndinu, kalaweni."

"Ndiye analawa?"

"Mwambo ndi mwambo, bambo. Macheka aja ndiwo awapha."

Kumanda dothi linali lonyowa, lomata kumapazi. Anthu akubalalika, wina anandigwira chigongono mwaulemu.

"Pepani ndi zovutazi, bambo. Ndamva anali mphunzitsi wanu. Kodi malemuwa ankakonda kufunsa chiyani? Mafunso abwino asapite nawo m'manda."

Ndinayang'ana pansi. Ngakhale ndi maso anga a nkhungu, ndinaona kuti pansapato zawo panalibe dothi.

Kuyambira pamenepo a Gwedeza sanakhalenso yekha. Tinayamba kumva kuti m'matauni amene tikupita, kumabwera bambo wina tisanafike, n'kukhala pansi pa mtengo kuphunzitsa ofuna ntchito mayankho. Benchi yonse inayamba kuyankha ndi pakamwa pamodzi. Amuna, akazi, achikulire, onse ankati pakamwa pa mmisiri pamaiwala zimene manja amadziwa. Onse ankati choyamba ndimafunsa kuti wowerenga ndani. Ena mwa iwo analidi alembi abwino, koma ndikanawadziwa bwanji? Zinali ngati kusankha dzira labwino m'dengu la mazira otsukidwa.

Ndipo nkhungu ija inafika pakati. M'mawa wina Anagama anandionetsa chikwangwani cha sitolo, ndipo ndinangoona mabanga.

"Chabwino," anatero. "Yafika nthawi yanga."

Ndinati tisiye ntchitoyi, tikapemphe malo tilime. Anavomera. Koma njira ya m'chigawo chimenecho inali imodzi, ndipo inatifikitsa kumudzi wa pachitunda chouma, kumene anthu anatizinga tisanatule katundu. Kumeneko kunali chitsime chakuya chokumbidwa kalekale, cha chigudumu chopukusira chingwe. Mudzi wonse unkamwa pamenepo, ndipo chinali chitadzaza matope. Wodziwa kutsikamo anali mmodzi, a Kholowa, koma msana wawo unali utauma. Ankafuna malangizo olembedwa pabolodi, kuti wina aliyense athe kutsika, kuchotsa matope, n'kutuluka wamoyo. Ana a m'mudzimo anali ndi milomo yong'aluka. Anagama anawayang'ana n'kunena kuti, "Tavomera."

Ndinawatengera pambali.

"Mukudziwa kuti wotsika ndinu?"

"Ndikudziwa. Inu mudzagwira chigudumu. Mukandigwetsa ndidzabwera kudzakukokani zala zotsalazo."

A Kholowa anandiperekeza kuchitsime. Ndinaponyamo mwala. Ndinadikira mpaka ndinaganiza kuti sunagwe, kenaka ndinamva kaphokoso kofewa, ngati munthu wameza malovu.

Tsiku la mafunso khonde linali lalitali, benchi yodzaza. Nkhope sindinkaziona. Ndinanong'oneza Anagama kuti andiuze amene wavala nsapato zowala.

"Onse," anatero. "Onse apolisha."

"A Gwedeza alipo?"

"Mayina awo ndi ena. Koma alipo wina amene sakutuluka thukuta."

Ndinafunsa mafunso anga onse, akale ndi atsopano, ndipo mayankho anabwera ofanana ngati njerwa za chikombole chimodzi. Wapampando wa komiti ya chitsime, bambo wa mawu aakulu, anakondwa kwambiri.

"Apa ndiye mwatibweretsera akatswiri okhaokha! Ingolozani aliyense, akulu, tizipita."

Ndinamva Anagama akusenda mtedza pambali panga, modekha, ngati tsikulo linali wamba. Kenaka ndinapempha chingwe, thumba la mchenga lolemera ngati munthu, ndi nthambi yolimba.

A Kholowa anaonetsa onse mfundo yomangira munthu m'chiuno, kamodzi, mwamsanga, akung'ung'udza. Ndinauza aliyense kuti alembe mamangidwe a mfundoyo. Kenaka Anagama, amene anali atatembenukira kumbali pamene a Kholowa ankamanga, anatenga mapepalawo limodzilimodzi. Ankawerenga ndi chala, kumanga thumba monga kwalembedwera, anyamata n'kulikweza panthambi.

Thumba loyamba linagwa. Lachiwiri linagwa. Mapepala ena Anagama sanathe n'komwe kufika nawo kumapeto. Awiri okha ndiwo thumba lawo linalendewera kanthawi lisanapulumuke: bambo wa mawu osalala amene ankadzitcha dzina lachilendo, ndi mayi Chadewa, amene analembapo mabuku a makina kumzinda. Mayiyu anali wosachedwa kupsa mtima, ndipo m'mawa muja anayankha mayankho omwewo a pansi pa mtengo, mwaulesi, ngati munthu womeza mankhwala owawa.

Ndinawaimika awiriwo pafupi ndi thumba lakugwalo.

"Thumba lagwa," ndinatero. "Walakwa ndani?"

Bambo uja sanachedwe.

"Wolemba, bambo. Wowerenga salakwa. Wowerenga akapunthwa, mwala anauika ndi mlembi."

Anthu anang'ung'udza mokhutira. Mawuwo ndinawadziwa. Ndinawanena ndekha zaka zapitazo, panjira, ndikuganiza kuti tili awiri ndi Anagama. Ndinatchera khutu kumene anaima bamboyo. Pepala lawo silinkakhwekhwereza n'komwe. Manja awo anali phee.

Mayi Chadewa sanayankhe. Ndinamva mawondo awo akulira pamene ankanjuta pafupi ndi Anagama.

"Mayi, apa ndalemba kuti pisani chingwe kunsi. Inu munapisa kunsi kwa chiyani? Tandionetsani."

"Kunsi kwa thumba."

"Ayi, ine ndimanena kunsi kwa chingwe chinzake."

"Ndiye mukananena. Kunsi n'kwambiri."

"Mm. Nanga apa, pamene ndati kokani, munakoka mbali iti?"

"Imene inali pafupi."

Wapampando anakhosomola. "Mayi, mwafunsidwa funso ndi akuluwa!"

"Tadikirani, bambo, thumba lagwa," anatero mayi Chadewa mosatembenuka. Kenaka ndinamva pensulo ikukhwatcha, ikulemba, ikukhwatchanso. "Tayesaninso, mayi. Musandimvere chisoni. Pamene simukumva, imani."

Chingwe chinalira panthambi. Ndinadikira kugunda kuja. Sikunabwere.

"Ndasankha mayi Chadewa," ndinatero.

"Koma sanayankhe funso!" anatero wapampando. "Awa ayankha bwino, tonse tamva. Mayiwa ndi amwanonso."

"Wotsika m'chitsime ndi mkazi wanga, bambo. Mukafuna wa yankho lokoma, mutsike ndinu."

Bambo wa mawu osalala uja anadza nandigwira chanza. Dzanja lake linali louma ndi lozizira, ndipo chala chake chachikulu chinasisita pamene panali chala changa chija.

"Funso labwino, bambo," anatero. "Labwino kwambiri."

Masiku otsatira ndinkakhala pamthunzi pafupi ndi chitsime, kumvetsera mayi Chadewa akutopetsa a Kholowa. Mtima wanga sunakhale pansi. Mfundo ndi chinthu chimodzi, chitsime ndi china. Mayiwo anawauza kuti achite zonse monga amachitira tsiku lotsika, kuyambira pochoka kunyumba, ndipo ankawaimitsa paliponse.

"Mwagwiranji pamenepo?"

"Ndangogwira."

"Palibe kungogwira. Mumafuna kumva chiyani?"

"Mayi inu, apolisi amafunsa pang'ono!"

Tsiku lina ndinamva machesi akukhwatchidwa, ndi fungo la udzu wopsa.

"Udzu mwayatsa n'kuponyamowu ndi wa chiyani? Simunautchule."

"Ndi chizolowezi chabe. Musalembe zimenezo, anthu angandiseke."

"Ukafika pansi ukuyaka mumatani?"

"Ndimatsika."

"Ukazima panjira?"

Mayi Chadewa, amene sankatha kudikira munthu kumaliza moni, anadikira. Anadikira mpaka nkhuku inadutsa pakati pawo n'kubwereranso. Kenaka a Kholowa anayamba kulankhula motsitsa, ndipo ndinangomva mawu akuti "mkulu wanga". Zotsalazo mphepo inapita nazo.

Tsiku lolawa linacha lopanda mtambo. Bolodi linakhomedwa pamtengo pafupi ndi chitsime. Mayi Chadewa ndi a Kholowa anawaimika patali, kuseri kwa mpanda, monga mwa mwambo. Mudzi wonse unazungulira. Anagama anavala buluku langa pansi pa chitenje. Ine ndinaima pachigudumu, manja anga pa chogwirira chotentha ndi dzuwa, ndipo ndinazindikira kuti akunjenjemera.

"Mwayamba kale kundigwetsa?" anatero Anagama. "Ndikadali kumtunda."

Anapita pabolodi. Ndinamva chikhadabo chawo chikuyenda pathabwa.

"Musa-na-mange munthu ali-yense," anawerenga, "yatsani koloboyi. Muikeni m'ndowa yopanda madzi. Mangani ndowayo kuchingwe."

Anayatsa. Ndinamva fungo la parafini, ndi kulira kwa ndowa. Wina m'gulumo anaseka. "Nyali masana! Mlembi wa kumzinda ameneyo!"

"Tsitsani ndowa pang'onopang'ono mpaka chingwe chilefuke. Imbani nyimbo imodzi yonse. Kenaka kwezani pang'onopang'ono."

Ndinapukusa. Chigudumu chinalira, chingwe chikupita, chikupitabe, ndowa yopepuka ngati mulibe kanthu. Chitalefuka, Anagama anaimba nyimbo ya kumtondo ya kwawo, yonse, osafulumira, anthu akusekerera. Kenaka ndinakweza. Ndowa itafika pakamwa pa chitsime, kuseka kunatha.

"Yatani?" ndinafunsa.

Anagama anatenga dzanja langa n'kuliika pa koloboyi. Chingwe cha nyaliyo chinali chozizira. M'ndowa munali mouma.

Anabwerera pabolodi. Chala chinayendanso.

"Nyali ika-bwera ita-zima, musatsike. Pansi pali mpweya wopha, wosaoneka, wosanunkha. Vundukulani chitsime chonse chipite mphepo. Bwererani kunyumba. Mawa muyambirenso pa nyali."

Anapukuta manja pachitenje.

"Tiyeni, bambo."

"Iyayi, dikirani!" anatero wapampando. "Kulawa kwake n'kumeneku? Mphepo yangoizimitsa nyaliyo. Mfundo ija simunamange n'komwe. Tsikani pang'ono chabe, tione ngati zinazo zili bwino."

"Palembedwa kuti bwererani kunyumba," anatero Anagama. "Ine ndimachita zimene zalembedwa."

Kuseri kwa mpanda ndinamva munthu wamkulu akulira mosabisa. Anali a Kholowa.

Anthu anavundukula chitsime. Anadula nthambi zamasamba n'kumazitsitsa ndi kuzikweza kuti zipungire mpweya, monga bolodi linanenera m'munsi mwake. Mawa lake nyali inabweranso itazima. Linafika tsiku lina pamene inabwera ikuyaka. Tsiku limenelo Anagama anamanga mfundo ija m'chiuno mwawo, akuwerenga liwu ndi liwu, ndipo ndinawatsitsa. Kulemera kwawo konse kunali m'manja mwanga. Ndowa za matope zinakwera, zinatsika. Kenaka chingwe chinagwedezeka monga kunalembedwera, ndipo ndinakweza mpaka ndinamva mawu awo pafupi ndi khutu langa, akudandaula kuti buluku langa lang'ambika.

Tinachoka m'mudzimo madzi atayamba kuyera. Msewu unali wofiira. Titatsika chitunda Anagama anachepetsa liwiro.

"Kutsogoloku kuli munthu," anatero.

"Wotani?"

"Wasenza thumba la mchenga, chingwe chili paphewa. Pensulo waipana kukhutu. Akuyenda pang'ono, n'kunjuta, n'kuimirira, n'kunjutanso, ngati akuyeseza."

"Nsapato?"

Anagama anangondikokera pafupi nawo. Ndinagwira dzanja lawo ndi zala zanga zotsala. Linali lofunda, ndipo m'zikhadabo munali mukadali matope a pansi pa chitsime. Patsogolo pathu ndinamva mawu osalala akubwereza motsitsa, mobwerezabwereza, kufuna kuti akhale bwino pakamwa: "Tadikirani, bambo, thumba lagwa. Tadikirani, bambo, thumba lagwa."